Mutu 8: Ntchito ya pamthunzi

Mwana akapeza ntchito yogulitsa m'sitolo pa Karonga Boma, ku Uliwa kapena kuchipata cha Songwe, kwawo amati wapeza ntchito ya pamthunzi. Onenawo ali ndi poyerekezera. Amadziwa kuwerama m'matope a mpunga ku Hara ndi ku Wovwe kuyambira m'bandakucha, amadziwa kuchezera panyanja kusaka usipa ku Ngara, ndipo ena ali ndi abale m'migodi ya malasha. Kwa iwo, kuima kuseri kwa kauntala utavala zochapa, n'kumapereka sopo ndi kubweza chenje, ndi kupuma kolandira nako malipiro. N'chifukwa chake wogulitsa akadandaula msana amamuseka: "Iwe wanyamula chiyani?"

Yankho lilipo, kungoti silioneka tsiku limodzi. Msodzi bwato likamutembenukira, mudzi wonse umamva dzuwa lisanalowe. Wa mumgodi mwala ukamugwera, pamakhala magazi, mboni ndi deti. Za wogulitsa m'sitolo zimabwera ngati chiswe m'phaso: kunja denga lili bwinobwino, m'kati mukudyeka. Pakatha zaka zingapo mupeza munthu wa zaka 30 akudzuka pamphasa mogwirira khoma, koma mutamufunsa tsiku limene anavulala, sangalitchule.

Tawuni yobadwira m'sitolo

Karonga inayamba ndi sitolo. Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a mkulu wake John Moir, inatsekula sitolo m'dziko la Ankhonde, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham. Inkagula minyanga ya njovu n'kumagulitsa nsalu ndi mikanda. Nkhondo ya kampaniyi ndi Mlozi, wogulitsa akapolo, imene inabuka mu 1887 n'kudzatha mu 1895 Mloziyo atanyongedwa, inazungulira sitolo yomweyo. Mabuku a mbiri amatchula azungu amene ankayang'anira malondawo ndi mafumu amene anamenya nawo nkhondo. Koma panalinso manja amene ankatsitsa mabelo m'sitima, kuyeza nsalu ndi kulondera pakhomo usiku. Eni manjawo sawerengedwa kuyambira kalekale.

Sitolo zasintha eni kangapo chichokereni nthawi imeneyo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linachotsa amalonda achimwenye m'madera akumidzi n'kuwauza kuti azichitira malonda m'mizinda, ndipo maina ngati PTC ndi Chipiku ndiwo anatchuka m'maboma. Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, aliyense wokhala ndi kampamba anatsekula kake. Lero Karonga, boma limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu 365,028, ndi khomo la katundu wochokera ku Dar es Salaam, Mbeya ndi Kyela. Zitenje, ziwiya zapulasitiki, matailosi, mafuta ophikira ndi zipangizo za njinga zamoto zimaoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Kasumulu n'kutsetsereka ndi msewu wa M1. Ogulitsa katundu ameneyu ambiri sali m'masitolo akuluakulu okhala ndi mayunifolomu ndi mapepala a malipiro. Ali m'golosale, m'okala, m'hadiweya, m'mashopu a mbewu ndi feteleza, m'tizipinda ta Airtel Money ndi Mpamba, m'mene wolembedwa ntchito amakhala mmodzi, akachuluka awiri.

Ntchitoyi si ya munthu wogona. Wogulitsa wa ku Karonga amalonjera gogo m'Chinkhonde, kutsutsana mtengo ndi mayi m'Chitumbuka, kuyankha dalaivala wa thiraki m'Chiswahili, kenako n'kutembenukira kwa wapolisi wongosamutsidwa kumene m'Chichewa, zonsezi mitengo ya zinthu mazanamazana ili m'mutu, chikhalirecho imasintha sabata ndi sabata. Luso lotere likanakhala mu ofesi bwenzi lili ndi dzina lalitali ndi malipiro ake.

Maola osawerengedwa

Titenge golosale imene imatsekulidwa 7 koloko m'mawa n'kutsekedwa 7 koloko madzulo, ndipo zotere sizisowa pa Boma. Masiku asanu ndi limodzi ndi maola 72. Ngati Lamulungu amatsekulanso anthu akaweruka kutchalitchi, onjezanipo maola asanu, akwana 77. Apa sitinawerengere kusesa ndi kutulutsa katundu pakhonde chitseko chisanatsekulidwe, kapena kuwerengetsa ndalama kwa abwana chitatsekedwa. Nkhomaliro amadyera momwemo, mbale ili pansi pa kauntala; akangoti atapeko kawiri, kasitomala walowa.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata asapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo munthu asagwire masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapumako maola 24 athunthu. Ola lililonse lapamwamba ndi ovataimu, imene imalipidwa kamodzi ndi theka pa tsiku wamba, ndi kawiri pa tsiku lopuma kapena la holide. Ndiye kuti wa maola 77 uja amasiya maola 29 kuseri kwa kauntala sabata iliyonse. Pa mwezi amapitirira 100, kutanthauza masabata awiri ndi kanthu ogwira ulere.

Ku Britain, lamulo la 1886 linaletsa kugwiritsa ntchito m'sitolo achinyamata osakwana zaka 18 kwa maola oposa 74 pa sabata, kuphatikizapo nthawi ya chakudya. Malire amene Angelezi anaika zaka pafupifupi 140 zapitazo, ife sitinawafikebe m'golosale zina.

Maola ataliatali samangotopetsa, amapha. Mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti m'chaka cha 2016 chokha, anthu 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Wogwira maola oterowo chiopsezo chake cha sitiroko chimakwera ndi 35 pa 100 alionse poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Wa m'golosale uja maola 55 amawakwanitsa Lachisanu lisanathe.

Miyendo ndi mpando

Dokotala wina wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku mu 1700 lonena za matenda obwera ndi ntchito zosiyanasiyana, ndipo amatengedwa ngati kholo la maphunziro a umoyo wa pantchito. Analangiza madokotala anzake kuti pofunsa wodwala asamaiwale kumufunsa ntchito imene amagwira. Mwa anthu amene anawaona akuvutika munali amene amagwira ntchito ali chiimire, ndipo anazindikira kuti mitsempha ya m'miyendo mwawo imatupa.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumvetsa. Mtima umatumiza magazi kumapazi mosavutikira, pakuti n'kotsetsereka. Kubwerera ndiye chitunda. Magazi amakwera chifukwa cha akatumba: munthu akaponya phazi, katumba amafinya mitsempha n'kukankhira magazi m'mwamba, ndipo timazenera ta m'mitsemphamo timatseka kuti asabwerere pansi. Woyenda, pampu imeneyi imagwira ntchito yokha. Woima malo amodzi, pampu yazima. Magazi amadikha m'munsi, madzi ake amatulukira m'minofu, ndipo pofika madzulo nsapato imene inalowa bwino m'mawa yayamba kuthina. Zaka zikamapita mitsempha imafutukuka, timazenera tija sititsekanso bwino, ndiye pamatuluka mitsempha yotupa yokhotakhota kuseri kwa mwendo. Ikakula, khungu la pafupi ndi kakolo limada, limayabwa, ndipo kachilonda kakang'ono kamatha miyezi osapola. Amayi oyembekezera zimawapeza msanga, chifukwa mimba imapanikiza kale mitsempha yobweza magazi kuchokera m'miyendo.

N'chifukwa chake mlimi woyenda mtunda wautali kupita kudimba akhoza kukhala ndi miyendo yabwino kuposa mwana wake woima pa kauntala. Kuima kumatopetsa mwa mtundu wina. Onjezanipo simenti youma ya pansi ndi masilipasi opyapyala, mupeza ululu wa chidendene uja umabaya ngati msomali munthu akangoponda pansi m'mawa, kudzanso kuphwanya kwa m'chiuno ndi m'mawondo. Mankhwala ake ali pashelefu pomwepo, ndiye wogulitsa amangothyola panado kapena bufeni tsiku ndi tsiku. Bufeni womwa mosalekeza, makamaka m'mimba muli njala ndipo thupi lilibe madzi okwanira, amayambitsa zilonda za m'mimba ndipo amaononga impso. Wathawa ululu wa phazi, wagula nthenda yoposa.

Mankhwala enieni ndi mpando, ndipo mungadabwe kumva nkhondo imene anthu amenyera kanthu kameneka. Ku Britain nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo mu 1899 loti sitolo ikhale ndi mpando umodzi pa akazi atatu alionse ogulitsamo. Spain inatsatira mu 1912, Chile mu 1914, ndipo kumeneko mpaka lero amalitcha lamulo la mpando. Pangano la ILO la nambala 120, la mu 1964, lonena za ukhondo m'masitolo ndi m'maofesi, limati ogwira ntchito apatsidwe mipando yokwanira komanso mpata woikhalira. Mawu achiwiriwo ndi ofunika, chifukwa mpando umene munthu saloledwa kukhalapo ndi chokongoletsa chabe.

Nkhani imene ingatiphunzitse zambiri ndi ya ku Kerala, m'dziko la India. Kumeneko amayi ogulitsa m'masitolo a nsalu ankaima maola 10 kapena 12, osaloledwa kukhala pansi ngakhale m'sitolo mulibe kasitomala. Mayi wina wosoka zovala mumzinda wa Kozhikode, dzina lake Viji, anasonkhanitsa anzake m'gulu lotchedwa Penkoottu. Anayamba ndi kumenyera zimbudzi, kenako mipando. Zinawatengera zaka, koma mu 2018 boma la Kerala linasintha lamulo la masitolo n'kuikamo ufulu wokhala pansi, ndipo boma loyandikana nalo la Tamil Nadu linachita chimodzimodzi mu 2021. Mexico inakhazikitsa lake kumapeto kwa 2024. Amene anayambitsa za ku Kerala sanali maloya kapena madokotala. Anali amayi otupa mapazi.

Nanga mwini sitolo amakaniranji mpando? Funsani, mudzamva zifukwa ziwiri: wokhala pansi amaoneka waulesi pamaso pa kasitomala, ndipo wokhala pansi saona wakuba. Chachiwiricho chimatha ndi mpando wautali umene munthu amaona sitolo yonse ali pamenepo. Choyambacho si cha malonda ayi. N'chaulemu wa mtundu uja timafuna kwa wantchito wa pakhomo, woti wamkulu akalowa iwe uimirire. Ine sindinaonepo munthu akubweza paketi ya shuga chifukwa womugulitsa anali atakhala pansi. M'okala zing'onozing'ono, zoona, wogulitsa amakhalira kreti ya zakumwa kapena chigubu, koma kukhala tsiku lonse pa chinthu chachifupi chopanda potsamira nakonso kumathyola msana. Thupi limafuna kusinthasintha: kukhala pang'ono, kuima pang'ono, kuyendako, ndi kunyamuka pa zala za kumapazi kangapo kuti akatumba apope magazi.

Madzi, chimbudzi ndi malata

Karonga ili m'chigwa, m'mphepete mwa nyanja, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 masiku ambiri. Sitolo yofolera malata, yopanda siling'i, zenera lake lotchingidwa ndi mashelefu ndi zitsulo zoletsa akuba, imasanduka uvuni dzuwa likafika paliwombo. Mthunzi uja akumudzi amasirira ndi umenewu.

Munthu wotuluka thukuta chotere ayenera kumwa madzi pafupipafupi. Koma wogulitsa amene ali yekha amawerengera kawiri asanamwe: ndikamwa ndifuna chimbudzi, chimbudzi chili kumsika kapena kudepoti ndipo n'cholipira, ndikatseka abwana akadutsa apeza loko pachitseko, ndikasiyira mnzanga wa sitolo yoyandikana chikasowa chinthu ndilipira ndine. Mapeto ake samwa. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma uyu makiyi ali nawo, chilolezo ndiye alibe. Kusamwa madzi m'malo otentha kumabweretsa mutu, chizungulire ndi kudzimbidwa, ndipo pakapita nthawi timiyala ta mu impso. Kusunga mkodzo maola ambiri kumathandizira matenda a m'chikhodzodzo, amene amavutitsa kwambiri akazi. Za mtsikana amene ali kumwezi m'malo opanda chimbudzi ndi madzi osamba m'manja, sitichita kufotokoza.

Mpweya wosayenda uli ndi vuto linanso. Tizilombo ta chifuwa chachikulu timatha kukhala maola angapo mumpweya wa chipinda chotsekeka, ndipo wogulitsa amapuma mpweya wa aliyense amene walowa. Mliri wa Covid-19 utafika m'dziko muno mu Epulo 2020, kenako kolera wa 2022 ndi 2023 amene sanasiye Karonga, zidebe za madzi ndi sopo zinaoneka pakhomo pa sitolo iliyonse. Miliri itapita, zidebe zinapita nayo.

Katundu wolemera ndi wapoizoni

Thiraki ikafika, wogulitsa ndiye wotsitsa. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, la feteleza chimodzimodzi, belo la shuga 20, chigubu cha mafuta ophikira malita 20. Akatswiri a bungwe la NIOSH ku America amati ngakhale zonse zili bwino, katundu ali pafupi ndi thupi ndipo munthu sakupotoka, malire onyamula mobwerezabwereza ndi makilogalamu 23. Thumba limodzi la simenti laposa kawiri malire amenewo, ndipo mnyamata wa m'hadiweya amalitola pansi, m'kanjira kopanikiza, n'kupotoka nalo kuti alikweze pa kabaza wa kasitomala. Pakati pa mafupa a msana pali timapilo tofewa. Kuwerama ndi kupotoka utanyamula cholemera kumatifinya mpaka kamodzi kamatuluka m'malo n'kutsina mtsempha, ndiye ululu umatsika kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Wilibala imodzi, kunyamula awiriawiri, ndi kusanja zolemera pa msinkhu wa m'chiuno m'malo mwa pansi kapena pamwamba penipeni, zingapulumutse misana yambiri.

Fumbi la simenti likakumana ndi thukuta limaotcha khungu, ndipo manja a anyamata a m'hadiweya amaonetsa: ouma, ong'ambikang'ambika. M'mashopu a zaulimi muli zoopsa kuposa apa. Alimi ambiri sangakwanitse botolo lathunthu la mankhwala opopera mbewu, ndiye ena ogulitsa amagawa m'timabotolo, ndi manja osavala kanthu, pa kauntala yomwe adyerepo nkhomaliro. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amalowa pakhungu osachita kumwa. Mapiritsi oika m'matumba a chimanga ndi mpunga kuti asafumbwe amatulutsa mpweya wakupha akangomva chinyontho, ndipo chitini chosatsekedwa bwino m'chipinda chimene munthu amagonamo chikhoza kumupha m'tulo. Lamulo la Pesticides Act la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwalawa, koma chiphaso chimakhala cha mwini shopu, pamene wogwira botolo tsiku lonse ndi mnyamata amene mwina sanauzidwepo tanthauzo la mzere wofiira kapena wachikasu wa pa lebulo. Tisaiwalenso petulo wosungidwa m'zigubu kuseri kwa sitolo mafuta akasowa, ndi jenereta yolizidwa m'kati magetsi akazima, imene utsi wake wakupha sununkha.

Ndatchula za kugona m'sitolo chifukwa zimachitika: wogulitsa masana, mlonda usiku, malipiro amodzi.

Shoti

Mukafunsa ogulitsa chimene chimawasowetsa tulo, ambiri satchula msana. Amatchula shoti. Tsiku lowerenga sitoko, katundu wotsala ndi ndalama zolowa zikapanda kugwirizana, kusiyanako kumadulidwa pa malipiro a wogulitsa. Sopo anabedwa pamene iye anatembenuka kutenga mchere, ndi shoti. K5,000 yachinyengo imene analandira madzulo magetsi atazima, ndi shoti. Akazi a abwana anatuma mwana kudzatenga mafuta ndi shuga osalemba m'buku, ndi shoti. Ngongole imene mnzawo wa abwana anatenga n'kunena kuti "ndikambirana nawo ndekha", nayonso imathera pamutu pa wogulitsa. Mwezi ukatha ena amalandira theka, ena amauzidwa kuti ali ndi ngongole ndi sitolo, ndiye sangachoke mpaka atabweza.

Ogulitsa osakhulupirika alipo, ndipo golosale zambiri zagwa chifukwa cha dzanja la m'kati. Koma lamulo silipatsa bwana mphamvu yokhala wodandaula, wofufuza ndi woweruza nthawi imodzi. Employment Act imaletsa kulipiritsa wantchito chindapusa. Imalola kudula malipiro pobweza katundu amene wantchitoyo waononga, zimene n'zosiyana ndi kumusenzetsa chilichonse chosowa m'sitolo imene anthu anayi ali ndi makiyi ake. Imanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza.

Nkhawa yosatha yotere, pamodzi ndi mantha a achifwamba amene ali ndi ogwira ndalama zambiri m'tizipinda ta Airtel Money ndi Mpamba, imadya thupi. Ndipo ku Karonga tili ndi mwayi wodziwa za umoyo wa anthu kuposa maboma ambiri, chifukwa ku Chilumba kuli ofufuza amene anayamba mu 1979 ndi matenda a khate, n'kupitiriza ndi chifuwa chachikulu ndi HIV pansi pa dzina la Karonga Prevention Study, lero MEIRU. Pakati pa 2013 ndi 2016 anayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Lilongwe, n'kupeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse ali ndi BP yokwera, ndipo oposa theka la amenewo sankadziwa. Kafukufukuyu sanali wa ogulitsa m'masitolo okha, koma ganizirani amene ali ndi mpata wochepa kwambiri wokayezetsa: munthu amene sitolo yake imatsekulidwa chipatala chisanayambe kuona odwala n'kutsekedwa chitaweruka.

Atsikana ali ndi mtolo wina pamwamba. Kasitomala amagwira dzanja polandira chenje, wina amafunsa nambala tsiku lililonse, ndipo mtsikana amauzidwa kuti azimwetulira chifukwa kasitomala sakwiyitsidwa. Choipa kwambiri ndi pamene wovutitsayo ali mwini sitolo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu mwa njira yotere ndi mlandu, chilango chake K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende.

"Si wantchito, ndi mwana wa achemwali"

Malamulo ndiye tili nawo, ndipo si oipa. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woteteza moyo ndi umoyo wa antchito awo. La Workers' Compensation Act la 2000 limapereka chipukuta misozi kwa wovulala pantchito. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka. Akatha chaka pantchito, akadwala ali ndi masabata anayi a malipiro athunthu ndi asanu ndi atatu a theka. Mayi ali ndi masabata asanu ndi atatu a uchembere olipidwa, kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri. Malipiro otsikitsitsa anali K50,000 pa mwezi mu 2021, anafika K90,000 mu February 2024, kenako K126,000 mu June 2025. Mu 2019 Malawi inavomerezanso mapangano a ILO a nambala 155 ndi 187 onena za chitetezo ndi umoyo pantchito.

Zonsezi zimaima pakhomo pa golosale chifukwa cha chiganizo chimodzi. Wa ku Leba akafunsa, kapena mnansi akadabwa, mwini sitolo amati: "Ameneyu si wantchito, ndi mwana wa achemwali anga, akungondithandiza." Nthawi zambiri n'zoona kuti ndi m'bale. Anatengedwa kumudzi ku Wiliro kapena ku Chitipa atalephera kupeza fizi, amagona ndi kudya pakhomo pa amalume, ndipo analonjezedwa kuti akadzagwira zaka zingapo adzapatsidwa mpamba. Palibe chimene chinalembedwa. Ndipo lamulo lenilenilo lili ndi kampata: udindo wopatsa wantchito kalata yofotokoza ntchito, maola ndi malipiro ake limauika pa olemba anthu asanu kapena kuposerapo. Golosale ya wantchito mmodzi yatuluka pamenepo, ngakhale malire a maola, tchuthi ndi malipiro amaikhudzabe.

Chibale n'chabwino, chalera ana amasiye ambiri m'dziko muno kuposa boma ndi mabungwe. Koma pantchito chimamanga pakamwa. Wantchito wamba akhoza kupita ku Leba. Mwana wa mlongo akapita kukasuma amalume ake, kumudzi amuona ngati mfiti. Ngakhale chipukuta misozi chimavuta, chifukwa chimayenda bwino pamene pali ngozi ya tsiku lodziwika kapena nthenda yolembedwa m'ndandanda wa lamulo. Wagwa pa makwerero potsitsa katoni, zimamveka. Msana umene wakhala ukudyeka zaka zisanu ndi ziwiri, umboni wake ukautenga kuti?

Eni masitolo nawo sali pabwino, tisawanamizire. Kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo wopikula katundu ku Kyela amaona mpamba wake ukusungunuka asanaoloke n'komwe mlatho. Ngakhale PTC, ndi kukula kwake konse, inagwa mu 2022. Wa golosale yaing'ono akati sangakwanitse malipiro a boma, nthawi zina akunena zoona. Koma mpando, chidebe cha madzi akumwa, mphindi zopitira kuchimbudzi, magolovesi, tsiku limodzi lopuma pa sabata ndi buku lolembamo chilichonse chotuluka m'sitolo, ngakhale chotengedwa ndi a pabanja, sizidikira kuti kwacha ikhazikike.

Amalonda a ku Karonga amadziwa kuyankhula ndi mawu amodzi akafuna. Mu 2012 anadandaula kuti amalonda ochokera ku China akuwalanda msika, nkhani inamveka dziko lonse, ndipo chaka chomwecho lamulo linati amalonda akunja azigulitsira m'mizinda inayi yokha: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Umenewo unali mkangano wa eni masitolo. Ogulitsa ali ndi mabungwe awo, monga Commercial, Industrial and Allied Workers Union imene ili pansi pa mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa MCTU, koma bungwe limalowa mosavuta m'sitolo ya antchito 50 kusiyana ndi m'golosale 50 za wantchito mmodzimmodzi. Amayi a ku Kozhikode aja analinso omwazikana chomwecho, ndipo anayamba ndi kukumana okhaokha, a mumsewu umodzi.

Inu amene mukuwerenga mutu uno muli kuseri kwa kauntala, gulani kope lanulanu, losiyana ndi la sitolo, ndipo lizikhala kunyumba. Tsiku lililonse lembani nthawi imene mwatsekula ndi imene mwatseka, ndalama imene mwalandira, imene yadulidwa ndi chifukwa chake. Mukavulala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze a dokotala kuti zachitikira kuntchito, alembe m'buku lanu la kuchipatala. Zikavuta, poyambira ndi ku ofesi ya Leba pa Boma, ndipo nkhani ikakanika kumeneko imapita kukhoti la Industrial Relations Court, limene kumpoto kuno lili ku Mzuzu. Dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika ku Leba pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku limene munachotsedwa. Musathe miyezi imeneyo mukudikira kuti abwana mtima utsike.